Msonkho ndi Anthu Olumala: Kodi Woyenera Kuchotseredwa Ndani?

Lero tikambirana za msonkho. Ndidziwa kuti ena mwa inu ananu mwayamba kale kunena chamumtima kuti msonkho ndi nkhani ya akuluakulu, yosakhudza mwana wa mu Giredi 6. Tadekhani pang'ono. M'nkhani imeneyi muli masamu ochotsera ndi ochulukitsa omwe aja muchita m'kalasi, ndiponso muli uthenga umene mungapite nawo kunyumba, n'kupulumutsa nawo ndalama za amalume anu, za azakhali anu, kapenanso za aphunzitsi anu omwe.

Nkhani yake ndi iyi. M'dziko lathu la Zambia muli lamulo lakuti munthu wolumala amene amakhoma msonkho pa ndalama zimene amapeza azichotseredwako gawo lina la msonkhowo. M'chaka cha 2024 gawo limeneli linali K600 pamwezi, ndiye kuti K7,200 pachaka. Koma si munthu aliyense amene amachotseredwa. Pali zinthu zitatu zimene ziyenera kukwanira, monga mafuwa atatu amene amagwira mphika pamoto: limodzi likasowa, mphika sukhazikika. Munthu woyenera amene sadziwa zinthu zitatuzi amataya ndalama zake mwezi ndi mwezi. Winanso amene anangomva mphekesera amayenda ulendo wautali kupita ku boma poganiza kuti akalandira ndalama m'manja, nabwerako ali wokhumudwa. Tsono tcherani khutu, kuti inu mukathe kuuza ena zoona zake.

Kodi msonkho ndi chiyani?

Liwu lakuti msonkho limachokera ku kusonkha. Pamudzi pakagwa maliro, nyumba iliyonse imasonkha chimene ingathe: ena ufa, ena nkhuni, ena nkhuku, kuti alendo asagone ndi njala. Dziko nalonso lili ndi ntchito zimene munthu mmodzi sangazithe. Malipiro a aphunzitsi anu, mankhwala a m'chipatala cha Lundazi, kukonza msewu wochokera ku Chipata, zonsezi zimafuna ndalama zambiri, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limachokera m'misonkho.

Makolo athu akale ankaliwopa liwu limeneli, ndipo anali ndi chifukwa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kampani ya British South Africa Company, imene inkalamulira dera lino kuchokera ku Fort Jameson, kumene lero titcha Chipata, inaika msonkho wa nyumba. Msonkho umenewo sunkafunsa kuti munthu wapeza ndalama zingati chaka chimenecho, kotero kuti amuna ambiri anasiya midzi yawo napita kukagwira ntchito kutali kuti apeze ndalama zokhomera.

Msonkho umene tikukamba lero ndi wamtundu wina. Uwu ndi msonkho wa pa ndalama zimene munthu wapeza, ndipo umayendera lamulo lotchedwa Income Tax Act, limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo lakhala likukonzedwa kawirikawiri. Wopeza zambiri amakhoma wambiri, wopeza zochepa amakhoma wochepa, ndipo wopeza zochepa kwambiri sakhoma konse. Bungwe limene limatolera misonkho ya Boma ndi Zambia Revenue Authority, kapena kuti ZRA, limene linayamba ntchito yake mu 1994. Kwa anthu olembedwa ntchito, msonkho umadulidwa pa malipiro a pamwezi iwo asanawalandire, ndipo bwana ndiye amaupereka ku ZRA. Njira imeneyi imadziwika ndi zilembo zakuti PAYE, ndipo mphunzitsi aliyense amaziona pa kapepala kake ka malipiro.

Chifukwa chiyani olumala amachotseredwa?

Tiyerekeze aphunzitsi awiri a pasukulu imodzi, amene analembedwa ntchito chaka chimodzi ndipo amalandira malipiro ofanana. Woyamba amadzuka m'mawa, nakwera njinga yake kupita ku sukulu. Wachiwiri anadwala poliyo ali mwana, ndipo amayenda ndi ndodo. Ndodo zake zimatha kunsi ndipo zimafuna kukonza. Nsapato zake ndi zochita kusoketsa. Pa dzinja, njira ikakhala yamatope, amalipira munthu woti amunyamule panjinga. Akafuna kupita ku Chipata kukaonana ndi dokotala, nthawi zina amalipirira anthu awiri, iye ndi womuperekeza. Madzi ndi nkhuni zimene mnzake amadzitengera yekha, iye amachita kulipira.

Mwaona tsono kuti malipiro awo ndi ofanana papepala pokha. Pofika pakati pa mwezi, wachiwiriyu watsala ndi zochepa, osati chifukwa cha kusakaza, koma chifukwa moyo wa munthu wolumala umadya ndalama zambiri. Ndi chimodzimodzi kwa munthu wosaona amene afuna womuwerengera makalata, kapena wosamva bwino amene agula mabatire a kachipangizo ka m'khutu. Boma likawadula msonkho wofanana aphunzitsi awiri aja, ndiye kuti lamulemetsa wachiwiriyo koposa mnzake. Kuchotsera kumene tikunenaku cholinga chake ndi kuchepetsa kusiyana kumeneku. Si mphatso yachifundo ayi. Ndi ufulu wolembedwa m'lamulo, ndipo woyenera sayenera kuchita manyazi poufunsa.

Musaganize kuti anthu otere ndi owerengeka. Kafukufuku wa dziko lonse wa chaka cha 2015 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse a m'Zambia, pafupifupi 11 anali ndi kulumala kwamtundu wina, ndipo mwa ana 100 alionse a zaka 2 kufikira 17, oposa 4 anali otero. Akuluakulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi ya pamsewu, matenda kapena ukalamba zikhoza kusintha thupi la munthu aliyense. Motero lamulo limeneli si la anthu ena akutali. Mawa likhoza kukhala la ine kapena la inu.

Fuwa loyamba: kulumala kukhale kokhalitsa

Chinthu choyamba ndi chakuti munthuyo akhale wolumala monga momwe lamulo litanthauzira. Tanthauzo limeneli lili m'lamulo lotchedwa Persons with Disabilities Act, la nambala 6 la chaka cha 2012. Lamuloli linalowa m'malo mwa lina la mu 1996, ndipo linalembedwa dziko la Zambia litavomereza, mu 2010, pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu olumala.

Lamulo la 2012 limatchula magulu anayi. Pali kulumala kwa thupi, monga kwa miyendo, manja kapena msana. Pali kulumala kwa ziwalo zomvera ndi zoonera, monga kusaona ndi kusamva. Pali kulumala kwa nzeru, kumene kumachititsa munthu kuchedwa kwambiri kuphunzira ndi kudzisamalira. Palinso kulumala kwa maganizo, kochokera ku matenda a maganizo amene sachoka. Magulu awiri otsirizawa, ndiponso kusamva, kawirikawiri sizioneka ndi maso. Chifukwa chake si bwino kuweruza munthu pongomuyang'ana, n'kunena kuti, "Uyu ali bwinobwino, akungofuna kuthawa msonkho."

Liwu lofunika kwambiri m'tanthauzoli ndi lakuti kokhalitsa. Mnyamata akagwa pa ngolo nathyoka mwendo, achipatala namuika chikhakha kwa masabata angapo, iyeyo wavulala, koma adzachira ndi kuthamanganso. Mayi akagonekedwa m'chipatala ndi malungo, akudwala, koma matendawo adzatha. Anthu awiriwa si olumala monga mwa lamulo. Koma munthu amene anadulidwa mwendo pambuyo pa ngozi, kapena amene anabadwa wosamva, kapena amene maso ake anafa, vuto lake silidzatha ndi mankhwala a sabata ziwiri. Ameneyo ndiye lamulo likumunena.

Lamuloli liwonjeza mfundo ina yoyenera kuimvetsa. Likuti kulumala ndi vuto limene, palokha kapena pamodzi ndi zopinga za pamalo ndi za m'makhalidwe a anthu, limalepheretsa munthu kuchita nawo zinthu mofanana ndi anzake. Taganizirani mphunzitsi woyenda pa njinga ya olumala. Mutu wake uli bwino, ndipo masamu amawadziwa. Koma pakhomo la kalasi pakakhala masitepe atatu, sangalowe. Chamuletsa kuphunzitsa si miyendo yake yokha, koma masitepewo. Anthu akamanga kanjira kotsetsereka m'malo mwa masitepe, chopinga chimodzi chachoka. Motero lamulo siliyang'ana thupi lokha, koma limayang'ananso mmene munthuyo akhalira pakati pa anzake.

Fuwa lachiwiri: kulembetsa

Chinthu chachiwiri ndi chakuti munthuyo alembetse ku bungwe la Boma loona za anthu olumala, lotchedwa Zambia Agency for Persons with Disabilities, kapena mwachidule ZAPD. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996 lija, ndipo lamulo la 2012 linalipatsa mphamvu yopitiriza ntchito yake. Imodzi mwa ntchito zake ndi kusunga kaundula wa anthu olumala m'dziko lonse, ndi kuwapatsa khadi lowazindikiritsa.

Pano ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Munthu amati, "Mudzi wonse udziwa kuti sindiona. Amfumu adziwa, a hedi adziwa. Ndilembetserenji?" N'zoona kuti onsewo adziwa, koma wogwira ntchito ku ZRA ku Lusaka sanakuoneni, ndipo sangasinthe msonkho wa munthu chifukwa cha mawu apakamwa. Afuna umboni wolembedwa. Lamulo likanapanda kufuna umboni, anthu achinyengo akanadzitcha olumala, ndipo ndalama zoyenera kugula mankhwala ndi mabuku zikanathera m'matumba mwawo. Choncho khadi limateteza wolumala weniweni, limatetezanso chuma cha tonsefe.

Njira yake ndi yotere. Munthu amapimidwa ndi achipatala, amene amalemba pa fomu mtundu wa kulumala kwake ndi kukula kwake. Fomuyo, pamodzi ndi chitupa cha NRC, zimapita kwa a ZAPD, amene amalowetsa dzina lake m'kaundula ndi kumukonzera khadi. Amene sadziwa poyambira afunse ku ofesi ya Social Welfare pa boma la Lundazi. A ku Lumezi ndi a ku Chasefu akumbukire kuti kuyambira mu 2018 madera awo ndi maboma paokha, choncho afunse ku maofesi a m'maboma mwawo. Dziwaninso kuti woweruza ngati munthu ali woyenera si mfumu, si mphunzitsi wamkulu, si mnansi, koma achipatala ndi a ZAPD.

Khadi likatuluka, ntchito sinathe. Khadi losungidwa m'sutikesi silichotsa msonkho. Wolembedwa ntchito ayenera kudziwitsa amene amakonza malipiro ake, ndi kupereka umboni wakuti analembetsa, kuti nkhaniyo ifike ku ZRA. Mphunzitsi wa Boma ayambire kwa mphunzitsi wamkulu ndi ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, ndipo mwezi ndi mwezi aziyang'ana kapepala kake ka malipiro kuti aone ngati msonkho watsikadi. Ngati sunatsike, afunsenso, pakuti safunsa anadya phula.

Fuwa lachitatu: pakhale msonkho wochotserapo

Chinthu chachitatu ndicho chimene chimasokoneza anthu ambiri. Kuti munthu achotseredwe msonkho, ayenera kukhala ndi msonkho woti akhome. Simungachotse madzi mumtsuko wopanda kanthu. K600 ija si ndalama imene munthu amapatsidwa m'manja; ndi ndalama imene imachotsedwa pa msonkho umene iye akanapereka. Ndiponso lamulo limanena za wolumala mwini wake amene akukhoma msonkhowo.

Alipo anthu amene amadabwa kumva kuti wolumala angakhale wokhoma msonkho. Asadabwe. Kuno kum'mawa kwa dziko lathu maphunziro a anthu olumala anayamba kalekale: sukulu ya ana osaona ya ku Magwero, pafupi ndi Chipata, inayamba mu 1905. Lero anthu olumala ali m'makalasi akuphunzitsa, ali m'maofesi, m'zipatala ndi m'masitolo, ndipo amasonkha nawo chuma cha dziko monga wina aliyense.

Tsopano tengani mapensulo anu, tichite masamu. Tigwiritsa ntchito manambala a chaka cha 2024. M'chaka chimenecho malipiro a pamwezi ankagawidwa m'zigawo zinayi. Chigawo choyamba, kufikira K5,100, chinalibe msonkho. Pa chigawo chachiwiri, kupitirira K5,100 kufikira K7,100, msonkho unali 20 ngwee pa kwacha iliyonse. Pa chigawo chachitatu, kupitirira K7,100 kufikira K9,200, unali 30 ngwee pa kwacha iliyonse. Pa ndalama zonse zopitirira K9,200 unali 37 ngwee pa kwacha iliyonse.

Tibwerere kwa aphunzitsi athu awiri aja, ndipo tiyerekeze kuti ndalama zowerengeredwa msonkho za aliyense ndi K8,000 pamwezi. Pa K5,100 yoyamba palibe msonkho. Chigawo chachiwiri ndi K2,000, pakuti 7,100 kuchotsa 5,100 ndi 2,000. Tikachulukitsa 2,000 ndi 20 ngwee tipeza K400. Yotsala ndi K900, imene ili m'chigawo chachitatu. 900 kuchulukitsa ndi 30 ngwee ndi K270. Tikaphatikiza K400 ndi K270, msonkho wonse ndi K670. Mphunzitsi woyamba adulidwa K670. Wachiwiri, ngati analembetsa ndipo anapereka umboni wake, achotseredwa K600, natsala ndi msonkho wa K70 yokha. Koma ngati sanalembetse, adulidwa K670 monga mnzake, ndipo pakutha pa miyezi 12 adzakhala atataya K7,200.

Chitsanzo chachiwiri. Mayi wina wosamva amagwira ntchito m'sitolo pa boma, ndipo amalandira K6,500 pamwezi. Ndalama zopitirira K5,100 ndi K1,400. Tikachulukitsa ndi 20 ngwee, msonkho wake ndi K280. Pochotsera, K280 yonseyo ithetsedwa, ndipo mayiyo sakhoma kanthu. Phindu lake ndi K280, pakuti msonkho wake unali womwewo. Sangachotseredwe woposa umene anali nawo.

Chitsanzo chachitatu. Bambo wina wolumala dzanja ndi mlonda, ndipo amalandira K3,000 pamwezi. Malipiro ake onse ali m'chigawo choyamba, chopanda msonkho. Ngakhale kuti kulumala kwake ndi kokhalitsa, ngakhale kuti khadi ali nalo, palibe chomuchotsera. Mafuwa awiri alipo, koma lachitatu palibe.

Kumbukirani kuti manambala amenewa sakhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Chaka ndi chaka, kawirikawiri chakumapeto kwa September, Nduna ya Zachuma imawerenga ndondomeko ya chuma m'Nyumba ya Malamulo, ndipo zosintha za msonkho zimayamba kugwira ntchito mu January. Kuchotsera kumeneku kunali K250 pamwezi, kenaka kunakwera kufika K500, pambuyo pake K600. Motero, aphunzitsi, pophunzitsa mutu umenewu muziyamba mwapeza manambala a chaka chimene muli. Njira yowerengera ndi yomweyi, ngakhale manambala asinthe.

Palinso mbali ina ya lamulo la msonkho imene imakhudza mabwana. Wamalonda amene walemba ntchito munthu wolumala amaloledwa kuchepetsako phindu limene amawerengeredwa msonkho. Cholinga chake ndi kulimbikitsa eni masitolo ndi makampani kuti asamabweze munthu pachipata chifukwa cha ndodo yake. Koma ichi ndi cha bwana. Musachisokoneze ndi K600 ija, imene ndi ya wantchito.

Nanga amene sakhoma msonkho?

Tsono wina afunsa kuti, "Kuno kwathu anthu ambiri ndi alimi a chimanga, mtedza, soya ndi thonje. Salandira malipiro a pamwezi. Kodi wolumala wa kumudzi alibe chake?" Funso limeneli ndi lolondola, ndipo yankho lake tinene mosabisa: kuchotsera msonkho kumathandiza okhawo amene amapeza ndalama zofika pokhoma msonkho, ndipo m'boma ngati la Lundazi otere ndi ochepa. Kwa enawo Boma linakonza khomo lina, losiyana ndi ili.

Khomo limenelo ndi thandizo la ndalama lopita ku mabanja ovutika, lotchedwa Social Cash Transfer, limene limayendetsedwa ndi unduna woona za chitukuko cha m'midzi ndi chisamaliro cha anthu. Linayamba moyesera ku Kalomo mu 2003, ndipo maboma a Chipata ndi Katete anali m'gulu la oyambirira kulilandira, lisanafalikire m'dziko lonse. Banja losauka limene muli munthu wolumala kwambiri limayikidwa pa mlingo wapamwamba. M'chaka cha 2022 banja lotere linkalandira K400 pamwezi, pamene mabanja ena ankalandira K200. Posankha mabanja, a Social Welfare amagwira ntchito pamodzi ndi makomiti a m'midzi. Apa ndalama zimaperekedwadi kwa munthu, koma zofunika zake ndi zina: amayang'ana umphawi wa banja ndi kukula kwa kulumala, osati msonkho.

Gwirani bwino kusiyana kumeneku. Wolumala wolandira malipiro ofika pa msonkho, khomo lake ndi ZRA. Wolumala wa m'banja losauka, khomo lake ndi Social Welfare. Koma pa makomo onse awiri amafunsa umboni wa kulumala. Chifukwa chake kulembetsa n'kofunika kwa onse, ngakhale kwa mwana amene akali pasukulu. Mwana wolembetsedwa lero amawerengedwa pamene Boma likukonza za mabuku a zilembo za Braille, za aphunzitsi a chinenero chamanja ndi za njinga za olumala. Ndipo tsiku limene adzayambe ntchito adzapeza fuwa limodzi lili kale pamalo.

Maiko enanso ali ndi malamulo onga amenewa, ngakhale kuti amasiyana apa ndi apo. Ku Canada, mwachitsanzo, wachipatala ayenera kulemba umboni wakuti vuto la munthuyo ndi lalikulu, ndiponso kuti lakhala kapena lidzakhala kwa miyezi yosachepera 12 mosalekeza. Kumeneko wolumala akakhala kuti alibe msonkho wokwanira, gawo lotsala likhoza kupatsidwa kwa mbale amene amamusamalira. Mukamva nkhani zotere kwa achibale okhala kunja, musaganize kuti ndi mmene zilili kuno. Dziko lililonse lili ndi lamulo lake, ndipo lathu ndi limene talongosola.

Mawu kwa aphunzitsi

Aphunzitsi, phunziro limeneli likhoza kulowa m'masamu ndi m'maphunziro a chikhalidwe cha anthu. Lembani zigawo zinayi za msonkho pa bolodi, ndipo ana achite okha masamuwo m'magulu. Pokamba za kulumala, samalani kwambiri ngati m'kalasi muli mwana wolumala: musamuimiritse kutsogolo monga chitsanzo, ndipo musalole anzake kumuloza chala. Lamulo la 2012 lija limaletsa kusala munthu kapena kumutchula maina onyoza chifukwa cha kulumala kwake. Ana aphunzire kutchula munthu ndi dzina lake.

Inu ndinu amene makolo amakukhulupirirani pa nkhani za mapepala. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, patulani mphindi zochepa kufotokoza za kulembetsa. Ngati mudziwa banja limene likusunga mwana wolumala m'nyumba chifukwa cha manyazi, lichezereni mwaulemu pamodzi ndi amfumu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ngati pakati panu pali mnzanu wolumala amene sanalembetse, muwerengereni masamu a K8,000 aja, aone yekha chimene akutaya.

Ntchito ya ana

Ananu, yankhani mafunso awa m'makope mwanu.

1. Tchulani zinthu zitatu zimene ziyenera kukwanira kuti munthu wolumala achotseredwe msonkho.
2. Mtsikana wathyoka dzanja posewera, ndipo achipatala akuti adzachira pakapita mwezi umodzi. Kodi iye ndi wolumala monga mwa lamulo? Perekani chifukwa.
3. Ndi bungwe liti limene limalembetsa anthu olumala, ndipo ndi liti limene limatolera misonkho?
4. Pogwiritsa ntchito manambala a 2024, pezani msonkho wa munthu wolandira K9,000 pamwezi. Kenaka pezani msonkho umene angakhome ngati ndi wolumala wolembetsa.
5. Munthu wolumala wolembetsa amalandira K7,500 pamwezi. Kodi akhoma msonkho wa ndalama zingati?
6. Yendani kuzungulira sukulu yanu, ndipo mulembe zopinga zitatu zimene zingavutitse mnzanu woyenda ndi ndodo kapena wosaona.

Aphunzitsi, mayankho a masamu ndi awa. Pa funso 4, msonkho ndi K400 kuphatikiza K570, ndiye kuti K970, ndipo pochotsa K600 patsala K370. Pa funso 5, msonkho ndi K400 kuphatikiza K120, ndiye kuti K520. Popeza ndi wochepera K600, munthuyo sakhoma kanthu.

Mukaweruka lero, ananu, mukafotokozere makolo anu za mafuwa atatu aja: kulumala kokhalitsa, kulembetsa ku ZAPD, ndi kukhala ndi msonkho wochotserapo. Ngati m'mudzi mwanu muli munthu wolumala amene alibe khadi, mukauze akuluakulu kuti amuperekeze ku ofesi ya Social Welfare kukafunsa.